NDUWIRA YOYERA YA KILIMANJARO: MBIRI YA MADZI OUNDANA NDI MVULA

Lero m'phunziro lathu la mbiri tituluka pang'ono m'dziko lathu la Zambia, tipite kwa anansi athu a ku Tanzania. Mukakwera sitima ya TAZARA pa Kapiri Mposhi, muyenda makilomita 1,860 kuti mufike ku Dar es Salaam. Kucokera kumeneko mukwera basi yolowera kumpoto, ndipo muyenda tsiku lathunthu mpaka ku tauni ya Moshi. Mukadzuka m'mamawa, mitambo isanakwere, ndi kukweza maso, mudzaona phiri lalitali kopambana mapiri onse a mu Afirika. Limeneli ndilo Kilimanjaro, ndipo msinkhu wake ndi mamita 5,895. Pamutu pake pali kanthu koyera mbuu, konga nduwira ya mfumu. Nduwira imeneyo ndi madzi oundana. M'masiku a makolo inali yaikulu, koma lero yatsala nsanza zokha-zokha. Kodi inadza bwanji, ndipo n'ciani cimene ciri kuidya? Tidzaona kuti mbiri ya nduwira imeneyi ndi mbiri ya mvula.

NKHOKWE YA PAMWAMBA PA PHIRI

Nonsenu mumawadziwa matalala amene amagwa ndi mvula ya mkuntho. Ena mwa inu munaonapo cisanu coyera pa udzu wa m'dambo m'mwezi wa Juni. Zonsezi ndi madzi amene aundana cifukwa ca kuzizira. Tsono munthu akamakwera phiri, kuzizira kumanka kukulira-kulira: pa mamita 1,000 ali onse kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Ndico cifukwa cake pamwamba pa Kilimanjaro mvula siigwa ngati madzi. Imagwa ngati ufa woyera wozizira umene timaucha cipale cofewa. Cipale ca caka cino cikagwera pa cipale ca caka catha, ca pansi cimapanikizika, ndipo m'kupita kwa zaka cimalimba ngati thanthwe. Thanthwe lotere la madzi oundana m'Cingerezi amalicha glacier.

Kuti mumvetse bwino, ganizani za nkhokwe ya cimanga. Pali zimene zimalowa pa nthawi yokolola, ndipo pali zimene zimatuluka tsiku ndi tsiku. Zolowa zikaposa zotuluka, nkhokwe imadzala. Zotuluka zikaposa zolowa, nkhokwe imanka ipungukira-pungukira. Pa phiri, cimene cimalowa ndi cipale cocokera m'mitambo, ndipo cimene cimatulutsa ndi dzuwa ndi mphepo. Sungani fanizo limeneli, pakuti tidzabwererako.

ANTHU AMENE ANAKANA KUKHULUPIRIRA

Anthu a mtundu wa Chagga, amene amalima nthoci m'mbali mwa phirili, anaidziwa nduwirayo kuyambira kale-kale. Nsonga yaitali, yokhala ndi madzi oundana, amaicha Kibo. Koma ku Ulaya mbiri yake inafika mocedwa. Pa 11 Meyi 1848, mmishoni wa ku Germany, Johannes Rebmann, amene anali kukhala ku Rabai pafupi ndi Mombasa, anaona cinthu coyera pamwamba pa phiri, nazindikira kuti cinali cipale conga ca kwao. M'caka cotsatira, 1849, mnzake Johann Ludwig Krapf anaona cipale pa phiri linanso, la Kenya.

Nkhaniyi itafika ku London, akatswiri ena anaiseka. Mmodzi wa iwo, William Desborough Cooley, analimbikira kunena kuti cipale sicingakhale m'dziko lotentha lotere, pafupi ndi mzere wa Ikweta. Iye sanapondepo phazi pa phirilo, koma anatsutsa amene analiona ndi maso. Mkanganowu unatha pamene anthu anapita kukakhudza ndi manja. Mu 1862 Baron von der Decken anakwera mamita oposa 4,000, ndipo cipale cinamgwera usiku ali mu msasa. Mu 1871 mmishoni wina, Charles New, anafika pamene cipale cinayambira. Potsiriza, pa 6 Okutobala 1889, Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller anafika pa nsonga peni-peni. Anathandizidwa ndi anthu ambiri a ku Afirika onyamula akatundu, ndiponso ndi Mwini Amani wa ku Pangani, amene anasunga msasa wao wa pamwamba m'kuzizira koopsa. Kuti akwere, Meyer ndi mnzake anacita kusema makwerero ndi nkhwangwa m'khoma la madzi oundana, pakuti Kibo anali atabvala nduwira yake pafupi-fupi mbali zonse.

Meyer anabwereranso mu 1898, patapita zaka 9 zokha. Anadabwa kuona kuti madzi oundana aja anali atabwerera m'mbuyo kwambiri, ndipo anaopa kuti adzatheratu m'zaka makumi owerengeka. Cisungeni caka cimeneci, ana inu. Pa nthawi imeneyo magalimoto anali asanaculuke pa dziko lapansi, ndipo utsi wa mafakitale unali wocepa kwambiri poyerekeza ndi wa lero. Komabe nkhokwe ya pa phiri inali itayamba kale kupunguka. Tsono wakuba anali ndani?

ZIMENE NYANJA ZINAULULA

Yankho linapezeka pansi, m'nyanja zazikulu za Kum'mawa kwa Afirika. Zolembedwa za apaulendo ndi zizindikiro za madzi pa matanthwe zionetsa kuti ca m'ma 1870 nyanja zimenezi zinali zodzala kwambiri. Nyanja ya Victoria inali pamwamba. Nyanja ya Tanganyika, imene ife timaipeza ku Mpulungu, inadzala kotero kuti mu 1878 inaboola mcenga ndi zinyalala zimene zinatseka mtsinje wa Lukuga, ndipo madzi anayamba kuthamangira ku Congo. Koma kuyambira ca m'ma 1880 mvula inacepa m'cigawo conse, ndipo nyanja zinatsika. Nyanja ya Malawi nayo inatsika kwa zaka zambiri, mpaka kuti kuyambira 1915 kufikira 1935 madzi ake analeka kutulukira mu mtsinje wa Shire.

Akatswiri ayerekeza kuti ca m'ma 1880 madzi oundana a pa Kilimanjaro anaphimba mahekitala pafupi-fupi 2,000. Mapu oyamba olongosoka anajambulidwa mu 1912 ndi Fritz Klute ndi Eduard Oehler, ndipo pa nthawiyo panali mahekitala 1,140. Mu 2011 anatsala mahekitala 176. Zithunzi zojambulidwa kucokera kumwamba mu 2021 ndi 2022 zinaonetsa kuti sanali kukwananso mahekitala 100. Tengani pensulo muwerenge nokha: pa mahekitala 100 ali onse amene analipo mu 1912, angati anatsala mu 2011? Mudzapeza kuti anatsala 15 okha.

M'MENE MVULA IMASUNGIRA MADZI OUNDANA

Mu Febuluwale 2000, Douglas Hardy wa ku yunivesite ya Massachusetts anaimika zipangizo zoyezera nyengo pamwamba peni-peni pa madzi oundana. Iye pamodzi ndi Georg Kaser ndi Thomas Mölg a ku yunivesite ya Innsbruck anayang'anira zipangizozo kwa zaka zambiri. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anapeza kuti mpweya wa pa nsonga ndi wozizira kwambiri, madigiri 7 pansi pa ziro tikaphatikiza caka conse. Mpweya wozizira cotere sungasungunule madzi oundana. Cimene cimawadya ndi kuwala kwa dzuwa ndi kuuma kwa mphepo, ndipo mtetezi wao wamkulu ndi mvula. Imawateteza m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndiyo kudzaza nkhokwe: cipale ciri conse cimene cigwa cimaonjezera pa mulu. Njira yaciwiri ndiyo mthunzi: masiku a mvula ndi masiku a mitambo, ndipo mitambo imachinga dzuwa. Njira yacitatu ndiyo yodabwitsa kopambana. Mukabvala malaya oyera m'mwezi wa Okutobala simumva kutentha ngati mnzanu amene wabvala malaya akuda, cifukwa coyera cimabweza kuwala kwa dzuwa pamene cakuda cimakumeza. Cipale cimene cangogwa kumene ndi coyera kwambiri, ndipo cimabweza gawo lalikulu la kuwala. Koma madzi oundana akale ndi othimbirira ndi fumbi, ndipo amameza kuwala kwambiri. Comweco ngakhale kacipale kocepa, kakamagwa kawiri-kawiri, kamakhala ngati malaya oyera a phiri. Miyezi ikapita yopanda cipale catsopano, phiri limabvula malaya aja, ndipo dzuwa limayamba kudya.

Tsono madzi amene adyedwawo amapita kuti? Ena amasungunuka, koma ambiri sasanduka madzi konse. Kodi munaona timibulu toyera ta mankhwala a njenjete timene amai amaika m'sutukesi ya zobvala? Timanka ticepera-cepera mpaka kutha, koma zobvala sizinyowa. Madzi oundana a pa Kibo amacitanso cimodzi-modzi: mphepo youma ikamaomba, amasanduka nthunzi ndi kuuluka, osayenderera pansi.

Mvula imeneyi imacokera ku nyanja yaikulu ya Indian. Kumpoto kwa Tanzania kuli nyengo ziwiri za mvula pa caka. Yaikulu imagwa kuyambira Marichi mpaka Meyi, ndipo m'Ciswahili amaicha masika. Taonani, liu lomwelo limene kwa ife litanthauza nthawi yokolola, kwa iwo litanthauza nthawi ya mvula yambiri. Yaing'ono imagwa kuyambira Okutobala mpaka Disembala, ndipo amaicha vuli. M'zaka zina madzi a nyanja ya Indian a pafupi ndi Afirika amafunda kuposa a mbali ya kum'mawa, ndipo pamenepo vuli imagwa yoopsa. Zinatero mu 1961, caka cimene Tanganyika analandira ufulu, pamene msilikali Alexander Nyirenda anakaika muuni wa ufulu pa nsonga ya Kibo, imene lero imachedwa Uhuru. Mvula ya caka cimeneco ndi ya zaka zotsatira inakweza nyanja ya Victoria ndi mamita oposa 2, ndipo nyanja ya Tanganyika inakweranso mpaka 1964. Zinateronso mu 1997, mu 2006 ndi mu 2019. M'zaka zotere phiri limayera bwino ndipo nkhokwe imapumako. Koma zaka zotere zakhala zocepa, zosakwanira kubweza zimene zaka zouma zinatenga.

BUKU LOLEMBEDWA NDI MITAMBO

Madzi oundana amasunganso mbiri. Mu 2000 Lonnie Thompson wa ku yunivesite ya Ohio State ndi gulu lake anaboola madzi oundana a pa Kibo m'malo 6, natulutsa zidutswa zazitali zonga misi. Bowo lakuya kopambana linali la mamita 50. M'zidutswazo munali mizere-mizere, ina yoyera ya nthawi za mvula, ina yakuda ya fumbi la nthawi za cilala. Thompson anawerenga kuti madzi a pansi peni-peni anaundana zaka 11,700 zapitazo, pa nthawi imene Afirika anali ndi mvula yambiri, ndi kuti mzere wina wocindikala wa fumbi unali wa cilala cacikulu ca zaka 4,000 zapitazo. Kaser ndi anzake anatsutsa ciwerengero cimeneci, nati madziwo ali ndi zaka mazana owerengeka cabe, ndipo nduwirayo yakhala ikubwera ndi kucoka motsatira mvula. Thompson ananenanso kuti madzi oundana angatheretu pakati pa 2015 ndi 2020. Zaka zimenezo zinapita, ndipo nsanza zina zinatsalabe. Apa pali phunziro: akatswiri amatsutsana ndipo amalakwa nthawi zina, koma woweruza wao ndi muyeso, monga zinakhalira m'masiku a Cooley.

Pali cinthu cimodzi cimene Thompson anaona cimene citifikitsa ku masiku athu ano. M'mbali ya pamwamba ya zidutswa zija, ya zaka zaposacedwa, munali zizindikiro zakuti madzi anasungunuka ndi kuundananso, zimene sanazione m'mbali za pansi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1800 dziko lonse latentha ndi digiri yoposa imodzi, cifukwa ca mpweya wocokera ku malasha, mafuta ndi nkhalango zimene anthu amaocha. Mpweya umenewu umasunga kutentha monga bulangete. Caka ca 2024 cinali cotentha kopambana zaka zonse za m'mbuyo mwake zimene zinayezedwa. Kutenthaku kumafika ku madzi oundana m'njira ziwiri. Kumafunditsa nyanja ya Indian ndi kusokoneza mphepo zimene zimanyamula mvula. Ndiponso kumakweza malire a kuzizira, kotero kuti pamene kale panali kugwa cipale tsopano pamagwa mvula ya madzi, imene m'malo modzaza nkhokwe imaisungunula. Bvuto laciwirili ndi lalikulu pa mapiri ofupikirapo, monga phiri la Kenya, la mamita 5,199, ndi mapiri a Rwenzori a m'malire a Uganda ndi Congo, a mamita 5,109. Ku Rwenzori kunali mahekitala pafupi-fupi 650 a madzi oundana mu 1906, koma pofika 2003 anali osakwana 100. Mu 2022 bungwe la UNESCO linacenjeza kuti madzi oundana a pa Kilimanjaro ndi pa phiri la Kenya angadzakhale atatha pofika 2050.

KODI MADZI OUNDANA AMABWEZA CIANI?

Taona kuti mvula imalera madzi oundana. Nanga iwo amacita ciani kwa mvula? Kumene cipale ciphimba dziko lalikulu, mphamvu yake imamveka. Ku India kunagwa njala yoopsa kuyambira 1876 mpaka 1878 cifukwa mvula inakana. Mkulu woyang'anira za nyengo kumeneko, Henry Blanford, anafufuza cifukwa cake, ndipo mu 1884 analemba kuti cipale cikaculuka pa mapiri a Himalaya, mvula ya caka cimeneco imafooka. Ndi nkhani ya malaya oyera ija: dziko lobvala zoyera limacedwa kutentha, ndipo dziko likapanda kutentha silikoka mwamphamvu mphepo ya cinyezi ya ku nyanja. Mu 1886 anayamba kulosera mvula poyang'ana cipale. Pambuyo pake kunadziwika kuti pali zifukwa zinanso zazikulu, koma iye anaonetsa kuti cipale ndi mvula zimakokana mbali zonse ziwiri. Kumeneko madzi oundana amasunganso madzi a mitsinje yaikulu monga Indus, ndi kuwatulutsa m'nyengo yotentha pamene alimi awafuna.

Pa Kilimanjaro nkhani ndi ina. Nduwira yake ndi yaing'ono kwambiri, ndipo siingaitane kapena kuthamangitsa mvula ya cigawo conse. Madzi amene imapereka ku mitsinje ndi ocepa zedi. Cimene cimamwetsa anthu ndi nkhalango imene yazungulira phiri ngati lamba. Mphepo ya cinyezi ikagunda phiri imakwera, imazizira, ndi kugwetsa mvula yoposa mamilimita 2,000 pa caka m'nkhalango ya mbali ya kum'mwera, pamene pa nsonga pali pouma ngati cipululu. Mitengo imakolanso nkhungu ndi masamba ake ndi ndere zake, ndipo madontho amagwera pansi ngakhale tsiku lopanda mvula. Madzi amenewa ndiwo amayenda m'ngalande zimene anthu a Chagga anakumba kalekale, namwetsa nthoci ndi khofi, nalowa mu mtsinje wa Pangani ndi m'damu la Nyumba ya Mungu. Katswiri wa zomera Andreas Hemp anapeza kuti kuuma komweko kumene kuli kudya madzi oundana kwaculukitsa moto wa m'chire m'nkhalango ya pamwamba, ndi kuti madzi a nkhungu amene amatayika caka ndi caka cifukwa ca mitengo yopsayo amaposa kutali madzi amene nduwira imapereka. Cotero nduwira ikatha, anthu a ku Moshi adzataya kukongola kwa phiri lao ndi buku la mbiri ya mvula. Koma nkhalango ikatha, adzataya madzi akumwa.

ZIMENE TIPHUNZIRAPO IFE

Kuno kwathu kulibe phiri la madzi oundana. Mapiri a Mafinga, amene ndiwo aatali kopambana m'Zambia, safika ndi theka lomwe la msinkhu wa Kilimanjaro. Koma mphepo zimene zimalamulira mvula ya kumeneko ndi za kuno ndi za banja limodzi. Kawiri-kawiri caka cimene nyanja ya Pacific ifunda, cimene cimachedwa El Niño, anansi athu a kumpoto amalandira mvula yoposa muyeso pamene ife tilandira cilala. Kumapeto kwa 2023 madzi anasefukira ku Kenya ndi ku Tanzania, koma kuno cimanga cinauma m'minda, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 boma linalengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, ndipo magetsi anasowa. Ifenso tiri ndi nkhalango zimene zimasunga magwero a mitsinje: Luangwa amayambira ku Mafinga, ndipo Zambezi amayambira m'nkhalango ya ku Ikelenge. Mtengo uli wonse wodulidwa pa gwero la mtsinje ndi bowo m'nkhokwe yathu ya madzi.

Mbiri yonseyi taidziwa cifukwa panali anthu amene anayeza ndi kulemba. Inunso mungathe. Aphunzitsi, thandizani ana kuika citini coongoka pa bwalo la sukulu, kutali ndi mitengo ndi denga. M'mawa muli monse m'dzinja ayeze madzi a m'citinimo ndi rula, alembe m'buku tsiku ndi mamilimita, ndi kukhuthula citinico. Bukulo lisungidwe m'ofesi ya aphunzitsi aakulu kuti ana a zaka za m'tsogolo adzapitirize. Ndipo inu ana, madzulo ano funsani agogo anu kuti mvula inali kuyamba mwezi uti iwo ali ana, ndi kuti ndi mitsinje iti imene kale inali yosaphwa koma tsopano imaphwa.

Nawa mafunso oti mukambirane m'kalasi. Loyamba: n'cifukwa ciani Cooley analakwa? Laciwiri: chulani njira zitatu zimene mvula imatetezera madzi oundana. Lacitatu: n'ciani cimene cimapatsa madzi ambiri ku mtsinje wa Pangani, nduwira ya pa nsonga kapena nkhalango?

Tidzakumananso m'phunziro lotsatira. Tsalani bwino.